Ndikufuna kukaphunzira flamenco ku Spain, odziwako ndigawireni nzeru

Nambewe wa ku 25: Moni nonse akuluakulu. Andilowetsa muno ndi asuweni anga a ku Dublin, akuti odziwa za ku Ulaya ali muno. Ine ndili ku Lilongwe, ndimaphunzitsa ana kuvina pa sukulu ina, komanso ndili m'gulu la magule a makolo. Kwa kanthawi ndithu ndakhala ndikudziphunzitsa flamenco pa YouTube, moti simenti ya kuchipinda kwanga yayamba kufumbuka. Ndasungako kangachepe ndipo ndikufuna nditapita ku Spain kwa chaka, ndikaphunzire guleyu kwa eni ake pamodzi ndi Chisipanishi. Ndiye ndipite mzinda uti? Viza yake imayenda bwanji? Nanga munthu angayambe kalasi ya gule chiyankhulo asanachidziwe?

Angoni a ku Leeds: Takulandirani mayi. Koma ndifunseko ine wachikulire: ingoma, chisamba, beni, malipenga, tchopa, zonsezi mwamaliza? Anzanu akukanganirana viza kuti akagwire ntchito azitumiza kumudzi, inu mukufuna mukalipire ndalama kuti azikakupondetsani pansi?

Admin: A Ngoni, mlendo sitimulonjera ndi chibonga. Ayankhidwe kaye, mlandu wanuwo tiuzenga madzulo.

Nambewe wa ku 25: Asiyeni a Admin, funso lomwelo adandifunsanso malume anga. Bambo, chisamba ndidavina ndili wamng'ono ndipo sindidzachisiya. Koma mmisiri wa mipando akafuna kuphunzira kukhoma denga, sitinena kuti wanyoza mipando.

Mayi a Mapasa: Ine za gule sindizidziwa, ndili ku Madrid kuno chifukwa cha banja, koma za mapepala ndikuuzani. Ku Malawi kulibe ofesi ya kazembe wa Spain. Amene amaona za Malawi ndi Zambia ali ku Harare, ndiye muwerengeretu ulendo umenewo. Viza ya alendo wamba, ya Schengen ija, imakulolani masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Ya chaka ndi ina, ya maphunziro, ndipo imafuna kalata ya sukulu yosonyeza kuti mwalembetsa maphunziro a tsiku ndi tsiku, inshuwalansi ya zaumoyo yogwira ntchito ku Spain, kalata ya dokotala, ndi kalata ya kupolisi yoti mulibe mlandu. Ya kupolisiyo idindidwe chidindo cha apostille chotsimikizira maiko ena kuti kalatayo ndi yeniyeni, kenako imasuliridwe m'Chisipanishi ndi womasulira wovomerezeka ndi boma la kuno, osati mnzanu wodziwako chiyankhulo. Chachikulu ndi ndalama. Amatengera mlingo wina umene amautcha IPREM, womwe kuyambira 2023 wakhala ma euro 600 pamwezi. Chaka chathunthu ndi 7,200, ndipo aoneke kuti alipodi ku banki, fizi ya sukulu ili padera.

Mukafika kuno ntchito sinathe. Mukalembetse ku khonsolo ya mzinda kuti mukukhala nyumba yakutiyakuti, amati empadronamiento, kenako mupemphe chiphaso cha alendo chotchedwa TIE mwezi woyamba usanathe. Polowa nyumba mufunsiretu mwini wake ngati alola kuti mulembetsere adiresi yakeyo. Ena amakana chifukwa akuchititsa lendi mobisa, ndipo popanda pepala limenelo zambiri zimaima.

Nambewe wa ku 25: Mayo ine. 7,200 ndi mmene ilili kwachayi? Ndalama zanga zidasungunuka tsiku limodzi mu November 2023 pomwe adaigwetsa ndi 44 peresenti. Ndimaganiza kuti ndizikagwirako kaganyu madzulo.

Mayi a Mapasa: Kaganyuko musakadalire. Lamulo la alendo lidasintha mu May 2025. Maola 30 pa sabata amene mumamva aja ndi a ophunzira a maphunziro apamwamba monga a ku yunivesite. Wa sukulu ya chiyankhulo kapena ya gule asabwere akuganiza kuti ali ndi ufulu womwewo. Chinanso, si sukulu iliyonse ya gule imene kalata yake imalandiridwa pa viza. Zambiri ndi chipinda chimodzi cha magalasi ndi mphunzitsi mmodzi, mumalipira pamwezi basi. N'chifukwa chake ambiri amalembetsa ku sukulu ya chiyankhulo yovomerezedwa ndi Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain lofalitsa Chisipanishi, maola 20 pa sabata m'mawa, kalata n'kuchokera kumeneko, gule n'kumavina masana.

Mlendo wa ku Triana: Ndangoweruka kumene, pepani kuchedwa. Mng'ono wanga Nambewe, ine ndili ku Triana, dera la mumzinda wa Sevilla, ndidachokera ku London komwe ndidayambira makalasi a madzulo. Ndiyankhe funso lako lachitatu chifukwa ndi limene anthu amalipeputsa.

Kulowa kalasi osadziwa chiyankhulo ungalowe. Makalasi a kuno adzaza ndi atsikana a ku Japan, Korea, Germany, America, ndipo ambiri amangoonera mapazi a mphunzitsi pagalasi n'kumatsanzira. Ukhoza kutero miyezi ingapo, n'kuloweza gule yense wa alegrías kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma umenewo ndi womwe ukuphunzira kale pa YouTube, sufunika tikiti ya ndege. Chimene umadzera kuno ndi china. Flamenco ndi anthu atatu: woimba, wa gitala, ndi wovina, ndipo wamkulu pa atatuwa ndi woimba. Iwe wovina umamutumikira. Akamaimba ndime yake, yomwe amati letra, iwe suchita phokoso ndi mapazi, umangoyenda mofatsa ndi thupi ndi mikono, kumene amati marcaje. Ukafuna ayambe kuimba umamuitana ndi mapazi, kuitanako ndi llamada. Akamafika kumapeto kwa ndime umatseka naye limodzi, remate. Mapazi othamanga amene umawasirira pa foni aja, escobilla, nthawi yake ndi pamene woimba wapuma. Tsono woimba sakuuziratu kuti lero aimba ndime iti. Mzere wina amaubwereza, wina amaukoka, pena amapuma pakati. Ngati sukumva zimene akunena, udziwa bwanji kuti chiganizo chatha? Umangoponda pamwamba pa mawu ake, ndipo kuno kulakwa kumeneko kumaposa kuphonya sitepe. Sakukalipira ayi. Wa gitala amangoyang'ana woimba, woimba n'kuyang'ana kudenga.

Komanso ndime zake si za chikondi chokhachokha. Muli za imfa ya mayi, za ndende, za njala, za kumigodi, za ku ng'anjo ya osula zitsulo. Munthu kumwetulira mano onse pamene woimba akulira maliro m'nyimbo ya seguiriya, aliyense amadziwiratu kuti sakumva kanthu. Ndiye langizo langa: chiyankhulo uyambe lero, uli ku 25 komweko. Ukadzafika kuno ulipire makalasi amene muli woimba weniweni, ngakhale akhale okwera mtengo, ndipo usiku uzipita ku peña. Peña ndi kalabu ya anthu okonda flamenco, ya eni mudzi, yosiyana ndi tablao komwe alendo amalipira kuti aonere akudya. Ku peña uzikakhala kumbuyo, kumvetsera, pakamwa chotseka.

Wa Ng'oma ku Joni: Achemwali a ku Triana mwandikumbutsa. Ine ndimaimba ng'oma kuno ku Johannesburg ndipo ndidaimbirapo gulu lina la flamenco. Osadabwa, kuno guleyu adakhazikika kale, bungwe la Spanish Dance Society lidayambira ku South Africa konkuno mu 1965. Chimene ndidapeza n'chakuti compás yawo, kayendedwe ka nyimbo kaja, si yachilendo kwenikweni kwa ife. Soleá, alegrías ndi bulerías, yomwe ndi mitundu ya nyimbo za flamenco, zonse zimazungulira pa 12, kutsindika pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Ukaphwanya ndi zitatu, zitatu, ziwiri, ziwiri, ziwiri. Kusinthanitsa zitatu ndi ziwiri kumeneku ng'oma zathu zimachita tsiku ndi tsiku, kungoti ife sitiwerenga, timangolowa. Tangos ndiye yophweka, imayenda pa 4. Vuto ndi kuwerengako. Bulerías amayambira pa 12 osati pa 1, ndipo aphunzitsi ambiri sanena n'komwe 11 ndi 12, amati "un, dos" kenako "un, dos, tres". Sabata yoyamba mutu umazungulira.

Mlendo wa ku Triana: Zoona achimwene, khutu timabwera nalo. Thupi ndiye limapanduka. Kwathu timavina maondo opinda, msana wowerama pang'ono, chiuno chomasuka. Kuno chifuwa chikhale m'mwamba, mapewa pansi, mikono yozungulira mpaka m'zala, pamene mapazi akugunda zawo. Chiuno chimagwira ntchito ndithu, makamaka mu tangos ndi bulerías, amayi achikulire a ku Triana akayamba kuchitembenuza ungati uli pa chinkhoswe kwa Biwi. Koma chimatuluka pa nthawi yake. Ndipo usananyadire mapazi uphunzire kuomba m'manja, palmas. Pali kuomba kogonthetsa, manja okhoteka, kwa pamene wina akuimba, ndi kuomba kowuma kwa pamene mapazi alusa. Woomba m'manja bwino amaitanidwa paliponse.

Wophunzira ku Salamanca: Ndilowererepo pa za chiyankhulo. Aunt a ku Triana mundikhululukire, koma Sevilla si malo oyambira Chisipanishi. Anthu a ku Andalucía, chigawo cha kummwera komwe kuli Sevilla, amameza mawu. S wa kumapeto satchula, d wa pakati amamutaya, "cansado" amati "cansao", "para" amangoti "pa". Ndidapitako ndili ndi satifiketi yanga ya Chisipanishi ya mlingo wa B2 m'chikwama, woyendetsa basi adandiyankhula ndidangoti kakasi. Ine ndikadati Nambewe ayambe kuno miyezi itatu kapena inayi. Yunivesite ya Salamanca ndi ya 1218, yakale kuposa zonse zimene zilipo ku Spain, ndipo ndi imene imathandizana ndi Instituto Cervantes pa mayeso a DELE, oyambira A1 mpaka C2. Kuno amayankhula momwe zalembedwera m'buku. Akakhazikika apite kummwera.

Mlendo wa ku Triana: Mwana wa ku yunivesite wayankhula. Koma tandiuze, woimba wa bulerías adzamuimbira Chisipanishi cha ku Salamanca? Chomeza mawucho ndiye chiyankhulo cha guleyu, kuphatikizapo mawu ena a caló, chiyankhulo cha Agitano, anthu a mtundu wa Roma amene pa Chingerezi amati Gypsies. M'kalasi ya chiyankhulo ku Sevilla amaphunzitsa galamala yomweyo imene ukuphunzira iweyo, ndipo akatuluka panja khutu limazolowera za mumsewu. Apindula pawiri. Ndalama zake n'zowerengeka, miyezi inayi ku Salamanca ndi miyezi inayi yopanda gule. Ndiwonjezere chokoma: ife timavutika kusiyanitsa l ndi r, ndipo Chisipanishi sichikhululuka, "pelo" ndi tsitsi, "pero" ndi koma, "perro" ndi galu. Koma ku Sevilla nawonso l amamusandutsa r pa mawu ena. Mayi wogulitsa nsomba pamsika akuti "mi arma" pamene buku likuti "mi alma". Pamenepo pokha ndidamva ngati ndapeza abale.

Wa ku Tete: Kkkk abale a r ndi l. Ine ndili ku Lisboa, kwathu ndi ku Angónia. Kwa ife a Chipwitikizi kuwerenga Chisipanishi n'kosavuta, nyuzipepala timamva pafupifupi yonse. Msampha ndi woti umaganiza kuti ukuyankhula Chisipanishi pamene ukungopotoza Chipwitikizi, eni ake amachitcha portuñol. Mlongo wanga Nambewe, iwe uli ndi mwayi wina. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu okha, a e i o u, omveka ndendende ngati a Chichewa, ndipo mawu ambiri amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto monga timachitira ife. Ukawerenga mokweza ngati ukuwerenga Chichewa, akumva. Azungu a ku England ndi amene amavutika nacho.

Wophunzira ku Salamanca: Apo ndivomera. Ndipo pali china chimene anzanga oyankhula Chingerezi amalira nacho pamene ine ndidangodutsa: ser ndi estar. Ife tili nazo kale. "Ndi mphunzitsi", "ndi Mmalawi", ameneyo ndi ser. "Ali ku Zomba", "ali bwino", ameneyo ndi estar. Sizifanana paliponse koma zimakufikitsa patali. Zoti mayina ena ndi aamuna ena aakazi zisakuopse, iwo ali ndi magulu awiri okha, ife timagwirizanitsa mu-a, chi-zi, ka-ti ndi ena onse aja osaganizira n'komwe. Chowawa ndi aneni. Mneni mmodzi amasintha kambirimbiri ndipo osatsata lamulo ndi ochuluka. Palibe njira yachidule, n'kuloweza basi.

Nambewe wa ku 25: Ndikulemba zonse m'kope. Ndiye mzinda ndi Sevilla basi?

Mlendo wa ku Triana: Kwa woyamba, inde, ndingatero. Aphunzitsi ndi ambiri, ukhoza kuyesa uyu mwezi uno, wina mwezi wamawa. Kuno ku Triana, kutsidya kwa mtsinje wa Guadalquivir, kuli Fundación Cristina Heeren yomwe ili ndi maphunziro a chaka chonse a kuimba, gitala ndi kuvina, ndipo ubwino wake oimba ndi ovina amaphunzirira pamodzi. Uwalembere uwafunse za kalata ya viza. Masukulu ena ang'onoang'ono ali cha ku Macarena ndi ku Alameda. Pakati pa mzinda pali Museo del Baile Flamenco imene adatsegula katswiri wovina Cristina Hoyos mu 2006. Chikondwerero chachikulu cha Bienal de Flamenco, chomwe chidayamba mu 1980, chimachitika zaka ziwiri zilizonse cha mu September, zaka zothera pa nambala yogawika pawiri.

Koma mtima wanga uli ku Jerez de la Frontera, ola limodzi pa sitima kuchokera kuno. Ndi kwawo kwa bulerías, m'madera a Santiago ndi San Miguel. Mzinda ndi waung'ono, lendi yotsikirapo, ndipo kumeneko gogo wonenepa wovala silipasi amadzuka pampando, kuvina theka la mphindi osadumpha, osathamanga, kungokweza dzanja ndi kutembenuza phewa pa nthawi yake, nyumba yonse n'kufuula "ole". Kagule kakafupi kameneko amati pataíta, ndipo ovina amene atha zaka m'masukulu amakaopa kuposa kuvina mu holo. Festival de Jerez imachitika kumapeto kwa February mpaka mu March, ndipo imakhala ndi makalasi a sabata imodzi a aphunzitsi akuluakulu. Malo amatha msanga. Granada ndi yokongola, mapanga a ku Sacromonte ndi gule wawo wa zambra ukaoneko, koma nyengo yozizira kumeneko si masewera.

Kunena za nyengo: Sevilla mu July ndi August imapitirira madigiri 40, Nsanje ichepa, ndipo masukulu ambiri amatseka mu August. Ubwere mu September. January nayenso amanyenga, panja dzuwa, m'nyumba kuzizira chifukwa nyumba zakale adazimangira kutentha.

Mayi a Mapasa: Madrid musaitaye. Kuli Amor de Dios, pamwamba pa msika wa Antón Martín, komwe ovina odziwika amaphunzitsa ndi kuyeserera. Ndege ya Ethiopian yochokera ku Addis Ababa imatera konkuno, ndipo sitima ya AVE kupita ku Sevilla ndi maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Kungoti lendi ya kuno ikumalizani miyezi isanathe. Mudzagone kwathu usiku woyamba, mudzapitirire mawa lake.

Nambewe wa ku 25: Zikomo kwambiri mayi, Mulungu akudalitseni. Funso lina ndimachita nalo manyazi koma ndifunsabe. Munthu wakuda amamulandira bwanji m'guleyu? Pa makanema sindiona ofanana nane.

Mlendo wa ku Triana: Usachite manyazi, n'lofunika. M'kalasi palibe vuto, walipira ngati wina aliyense. Chimene chimatopetsa ndi kuyamikira kwina: "inu mumabadwa nayo nyimbo m'magazi". Amanena mokoma mtima, koma ukachita bwino ndiye kuti ndi magazi, osati thukuta lako. Kupeza ntchito yovina mu tablao n'kovuta kwa mlendo aliyense, ndipo alendo oonera amafuna nkhope imene adaiona pa chithunzi. Komabe alipo amene adaboola. Ufufuze Yinka Esi Graves, wobadwira ku London, makolo ake a ku Ghana ndi Jamaica, amene adakhazikika kuno ndipo amavina m'mabwalo akuluakulu.

Ndipo usabwere ngati wopempha malo. Sevilla m'zaka za m'ma 1500 idali ndi anthu akuda ochuluka, akapolo ndi mfulu. Mpaka lero kuli bungwe la mpingo lotchedwa Los Negritos, limene lidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kusamalira anthu akuda, ndipo limayendabe m'misewu Lachinayi Loyera. Nyimbo zina za flamenco, monga guajira ndi rumba, zidachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Cuba. Bokosi limene amakhalira n'kumaliomba lija, cajón, ndi la anthu akuda a ku Peru, adabwera nalo ndi katswiri wa gitala Paco de Lucía kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, lero aliyense amaliona ngati lidabadwira ku Cádiz. Koma tisatengeke n'kuyamba kunena kuti flamenco ndi yathu. Amene adaisunga m'mabanja mwawo ndi Agitano pamodzi ndi amphawi ena a ku Andalucía. Agitano adalowa mu Spain cha mu 1425, ndipo adazunzidwa zaka mazana, mu 1749 boma lidawagwira unyinji usiku umodzi, amuna kwina, akazi ndi ana kwina. Kulira kumene umamva m'nyimbomo kuli ndi kochokera.

Ndikuchenjezeretu chimodzi: pa Sabata Yoyera udzaona anthu zikwizikwi atavala mikanjo ndi zisoti zosongoka zobisa nkhope. Mtima udzagunda. Si gulu la atsankho la ku America lija la Ku Klux Klan ayi, ndi olapa machimo, ndipo mwambowu ndi wakale kuposa iwowo. Uime pomwepo, mwina udzamva wina akuimba saeta, nyimbo ya chipembedzo, kuchokera pakhonde la m'mwamba popanda gitala, msewu wonse uli zii.

Angoni a ku Leeds: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Admin, madzulo akwana? Funso langa likadalipo. Zonsezi ndi zabwino, koma n'chifukwa chiyani mwana wa ku Japan akwera ndege kupita ku Sevilla, osati ku Ntcheu kudzaphunzira ingoma?

Wa Ng'oma ku Joni: Bambo, pa ulemu sitichepa. Gule Wamkulu ndi Vimbuza UNESCO idazilemekeza mu 2005 n'kuzilemba m'kaundula wake mu 2008, flamenco idalowa pambuyo, mu 2010, pa msonkhano wa ku Nairobi. Tchopa adalowa mu 2014. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adamanga pokhalira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800 adali ndi malo omwera khofi momwe oimba ndi ovina ankalipidwa. Lero kuli masukulu, mapeña, zikondwerero, osoka nsapato, opanga magitala, ngakhale nyumba yosungira zolemba ndi nyimbo zakale ku Jerez. Mlendo akatsika ndege amadziwa khomo logogoda. Kwathu, kupatula malo ngati Kungoni ku Mua, wofuna kuphunzira beni miyezi isanu ndi umodzi angalembetse kuti?

Angoni a ku Leeds: Beni ndi ingoma ndamva. Koma Gule Wamkulu musamuike m'kalasi ya magalasi, ameneyo ali ndi eni ake ndi dambwe lake. Si chilichonse chogulitsa.

Mlendo wa ku Triana: Mkangano womwewo uliponso kuno, bambo. Akuluakulu ena amati flamenco ya m'sukulu ndi chikopa chabe, yeniyeni ili pa ubatizo ndi pa ukwati m'mabanja, komwe mlendo salowa pokhapokha ataitanidwa. Ena amati popanda ndalama za alendo theka la aphunzitsi akadasiya kalekale. Onse akunena zoona ndipo amakangana mpaka mbandakucha.

Angoni a ku Leeds: Chabwino. Mayi Nambewe pitani, koma maso asakangokhala pa mapazi. Mukaonenso mmene amayendetsera zinthu, kalembera wawo, kalipiridwe ka oimba. Mukadzabwera tidzakufunsani.

Nambewe wa ku 25: Ndamva bambo, ndidzabwera ndi lipoti. Achemwali, nsapato ndigule pa intaneti ndisananyamuke? Pano ndimavinira za kutchalitchi.

Mlendo wa ku Triana: Ayi, ndipo pa simenti paja usiye lero lomwe. Simenti sibweza, mphamvu yonse imathera m'maondo ndi m'msana, udzafika kuno uli wolumala kale. Pita kwa kalipentala akudulire thabwa lokhuthala, pansi pake uyale mphira kapena kapeti wakale. Nsapato za flamenco zili ndi timisomali tokhomedwa kunsonga ndi kuchidendene, ndi timene timatulutsa liwu. Zabwino ndi zachikopa, zosokedwa pamanja, ndipo ukonzekere ma euro oposa 150. Udzagule kuno utayesa, chifukwa zambiri n'zopapatiza ndipo mapazi athu ambirife ndi otambalala, ena amachita kuyezetsa kuti awasokere. Siketi yoyeserera usokeretu kwa telala kwanuko, yaitali, yotambasuka kumunsi. Diresi ya mchira ija, bata de cola, ndi shawelo yaikulu ya mantón, iwala kaye. Chaka choyamba sudzazifuna.

Mayi a Mapasa: Nambewe, ganizo lina. Popeza ndalama zikuchepa, bwanji osayamba ndi masiku 90? Mapepala ake ndi ochepa, sufuna TIE, ndipo ukaona wekha ngati maondo ndi mtima zikugwirizana nazo. Kungoti ukasankha njira imeneyo udzabwerere masiku asanathe. Kupitirira ngakhale pang'ono kudzakuipitsira viza ya chaka ukadzaifuna.

Wophunzira ku Salamanca: Ndipo pa miyezi itatu palibe nthawi yoyambira "a e i o u". Afike ali kale pa A2. Ndili ndi mabuku anga a chaka choyamba, asuweni anga akupita ku Lilongwe pa Khirisimasi, ndiwapatsira.

Nambewe wa ku 25: Ndiye ndapanga chonchi. Chisipanishi ndiyamba sabata ino ndipo mabukuwo ndiwalandira ndi manja awiri. Kalipentala ndimuona Loweruka. Ndiyamba ndi masiku 90, February mpaka April, kuti ndikapezeke ku Jerez nthawi ya chikondwerero kenako Sevilla. Za chaka tidzaziona ndikadzabwerako. Latsala limodzi: ufa ndinyamule wochuluka bwanji? Miyezi itatu ya buledi sindingathe.

Mlendo wa ku Triana: Kkkk. M'mashopu a anthu a ku Latin America ndi a ku West Africa cha ku Macarena umapezeka ufa woyera wa chimanga, wina ndi wophikaphika kale wopangira mikate yawo ya arepa, nsima yake imapsa msanga koma imagwira mimba. Nyamula makilo awiri atatu a woyera wa kwathu wa tsiku losowa kumudzi. Konzekeranso kuti nkhomaliro kuno ndi 2 kapena 3 koloko, mgonero 9 kapena 10 usiku, ndipo peña siyamba anthu asanadye. Ndiye April mwina ukupeza Feria, chikondwerero cha mzinda wa Sevilla, uphunziretu gule wa sevillanas, zigawo zake zinayi zonse. Akatswiri amati si flamenco yeniyeni, koma sabata imeneyo aliyense amavina, ndipo wosadziwa amasunga zikwama za anzake.

Wa ku Tete: Pa za katundu: nyama ndi za mkaka zochokera kunja kwa EU n'zoletsedwa, chambiko ndi nyama yofutsa zidzatsala pa bwalo la ndege. Nsomba zouma amalola mpaka makilo 20. Ndiye usipa ubwere, ndipo phukusi limodzi likhale langa, basi ya Lisboa kupita ku Sevilla ndiidziwa.

Mayi a Mapasa: Ayi bambo, ndege ikutera ku Madrid. Msonkho woyamba ndi wa mapasa.